Land Cruiser Yakale Pafamu: Ntchito Zimene Tingachite ndi Manja Athu

Mwa ophunzira athu akale, ena tsopano ali ndi galimoto zawozawo, ndipo ena anapatsidwa udindo woyang'anira galimoto ya kopaletivu kapena ya gulu la alimi kwawo. Pafupifupi onsewa sanagule yatsopano. Imene thumba la mlimi limafikira ndi galimoto yaikulu yakale, imene inatumikirapo kale bungwe lina, chipatala cha kumudzi kapena kampani yoonetsa alendo nyama ku Mfuwe, kenaka n'kugulitsidwa. Kawirikawiri imakhala Toyota Land Cruiser ya dizilo.

Galimoto yotere pafamu si yodzionetsera. Ndiyo imafikitsa tomato kumsika ku Chipata asanafewe, ndiyo imabweretsa feteleza mvula isanatseke njira, ndipo ndiyo imene mudzi wonse umadalira pakati pa usiku mayi woyembekezera akafunika kuthamangira naye kuchipatala. Ikafa mu Januwale, galaja ili kutali ndipo ndalama za chimanga zinatha kale, banja limataya zambiri kuposa ulendo umodzi.

Chimene tikufuna kuti timvane m'nkhani ino ndi ichi: Land Cruiser yakale siifa ndi ukalamba. Imaphedwa ndi fumbi, madzi, kutentha ndi kuuma kwa girisi. Zinayi zonsezi zimayamba pang'onopang'ono, zimaoneka ndi maso, ndipo poyambirira zimakonzeka ndi sipanala ndi nsanza. Zimafika pofuna makaniko wa m'tauni ndi ndalama za matumba ambiri a chimanga chifukwa chakuti panalibe amene anagwada n'kusuzumira kunsi.

Tiidziwe kaye galimoto yathu

Mtundu umene titengerepo chitsanzo ndi wotchedwa 80 Series, umene unkapangidwa kuyambira 1990 mpaka 1997. Pa kachitsulo kamene kanakhomedwa m'chipinda cha injini pali zilembo zimene zimanena za galimotoyo. Pakalembedwa HZJ80 kapena HZJ81, injini yake ndi 1HZ, ya dizilo, ya masilinda 6 ndi malita 4.2, yopanda turbo. HDJ80 ndi HDJ81 nazonso ndi za dizilo koma zili ndi turbo, pamene FZJ80 ndi ya petulo, ya malita 4.5. Lembani zilembozo pamodzi ndi nambala ya chasisi patsamba loyamba la kabuku, ndipo muzinyamula kabukuko popita kukagula zipangizo, chifukwa zambiri zimafanana pamaso koma sizilowana.

Zimene tifotokoze pano ndi za injini ya 1HZ. Injiniyi siyendetsedwa ndi kompyuta. Mphamvu zake si zambiri, ndi makilowati 96 okha pagalimoto yolemera kuposa matani awiri, choncho pachitunda imakwera modekha. Koma kuphweka kwakeko ndiko mwayi wathu. Injini yomweyi ilinso m'mapikapu ndi m'maambulansi ambiri a 70 Series, ndiponso mu 105 Series imene inabwera mu 1998. Motero zipangizo zake sizivuta kupeza ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo zambiri zimene tinene zikhudzanso galimoto zimenezo.

Zida, ndi lamulo la moyo

Zida zofunika si zambiri: masipanala ndi masoketi a mamilimita 10, 12, 14, 17, 19, 21, 22 ndi 24, masikuludiraiva, pulaya, chomasulira sefa ya oilo, pampu ya girisi, geji yoyezera mpweya wa matayala, tochi, beseni lakale ndi nsanza zoyera. Gulu la alimi likhoza kusonkha ndalama n'kugula bokosi limodzi, lokhala ndi wolisunga wodziwika.

Lamulo loyamba ndi la moyo. Jeke ntchito yake ndi kukweza galimoto, osati kuigwira munthu ali kunsi. Musalowe kunsi kwa galimoto yokwezedwa musanaikepo zochirikizira zachitsulo kapena zipika zazikulu za mtengo wolimba. Njerwa ndi mabuloko a simenti zimaphwanyika mosachenjeza. Gwirirani ntchito pamalo athyathyathya ndi ouma, ikani thabwa lochindikala pansi pa jeke, pingani matayala otsala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kiyi ikhale m'thumba la amene ali kunsiyo. Ubwino wa galimotoyi ndi wakuti ndi yaitali miyendo, kotero kuti ntchito zambiri zimatheka matayala onse anayi ali pansi.

Oilo ndi mpweya

Oilo wa injini asinthidwe pa makilomita 5,000 alionse, kapena pa miyezi isanu ndi umodzi ngati galimoto siiyenda kwambiri, ndipo sefa yake, imene amakaniko amati filita, isinthidwire limodzi. Wofunika ndi oilo wa injini za dizilo wa nambala 15W-40. Injiniyi imalowa malita oposa 9, choncho gulani zigubu ziwiri za malita 5. Khuthulani oilo injini ili yofunda, pakuti ndi pamene amatuluka ndi litsiro lake. Pochotsa sefa yakale onetsetsani kuti labala wake sanatsalire pa injini. Pakani oilo pang'ono palabala wa sefa yatsopano, n'kuimanga ndi manja okha. Mukaliza injini, kanyali ka oilo kazime m'masekondi ochepa. Kakapanda kuzima, zimitsani injini nthawi yomweyo.

Oilo wa injini ya dizilo amada msanga, ndipo kudako si matenda. Zoyenera kutidetsa nkhawa ndi zitatu: oilo kutsika pa ndodo yoyezera, oilo kuoneka ngati tiyi wamkaka, kusonyeza kuti mwalowa madzi, ndi oilo kuchuluka yekha uku akununkha dizilo. Oilo wakutha asungidwe m'chigubu chotseka. Asatayidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba, ndipo asapakidwe pang'ombe pofuna kupha nkhupakupa kapena pabala la chiweto, chifukwa ali ndi zinthu zapoizoni zimene zimalowa pakhungu, la chiweto ndi la munthu yemwe.

Sefa ya mpweya ndiyo mlonda wa injini kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, pamene galimoto imasambira m'fumbi. Fumbi likadutsa sefa limasakanikirana ndi oilo n'kusanduka ngati mwala wonolera, ndipo limadya masilinda pang'onopang'ono mpaka injini imayamba kufuka utsi ndi kumwa oilo. M'nyengo imeneyo tsegulani chitini cha sefa sabata iliyonse, khuthulani fumbi lokhala kunsi kwake, ndipo uzirani sefayo ndi mpweya wosalimba kwambiri kuchokera m'kati kupita kunja. Musaimenyetse patayala, chifukwa pepala lake limang'ambika. Walitsani tochi m'kati mwake: paliponse pamene kuwala kwatulukira pakabowo, ndiye kuti sefayo yatha. Pomaliza pisani chala m'paipi yochokera kusefa kupita ku injini. Chala chikatuluka ndi fumbi, penapake pakulowa mpweya wosasefedwa, ndipo pafunika kupapeza tsiku lomwelo.

Dizilo woyera

Chipangizo chokwera mtengo koposa pa injiniyi ndi pampu imene imagawira dizilo kumasilinda, injector pump. Zitsulo za m'kati mwake zimayandikana kwambiri, ndipo chimene chimazifewetsa si oilo koma dizilo yemweyo amene akudutsamo. Dizilo akakhala ndi madzi, zitsulozo zimachita dzimbiri. Akakhala ndi mchenga, zimakalika. Akakhala wosakaniza ndi palafini, zimauma n'kumadyana. N'chifukwa chake dizilo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu, ngakhale atatsika mtengo, amadzalipiritsa mwini galimoto kumapeto.

Ambiri a ife timakhala kutali ndi malo omwetsera mafuta, ndipo sitingapewe kusunga dizilo kunyumba. Musungeni m'dilamu loyera, lotseka, loikidwa pamthunzi. Lisakhale la malata onyezimira aja opakidwa zinki, chifukwa dizilo amasungunula zinkiyo n'kupanga zinyalala zotseka sefa. Dilamu likangofika kumene, lisiyeni tsiku lathunthu kuti madzi ndi litsiro zikhazikike pansi, ndipo paipi yotungira isafike kunsi kwenikweni. Thanki ya galimoto ndi bwino kuti izigona yodzaza, pakuti thanki yopanda kanthu imachita mame m'kati usiku kukazizira.

Madzi ndi olemera kuposa dizilo, choncho amene alowa m'thanki amakakhazikika kunsi kwa sefa ya dizilo. Kunsiko kuli kotsekera kapulasitiki, ndipo pamwamba pa sefa pali kapampu kodina ndi dzanja. Kamodzi pamwezi tcherani botolo loonekera, masulani kotsekerako pang'ono, dinani kapampu mpaka kutuluke dizilo woyera yekhayekha, kenaka mangani ndi zala zokha. Yang'anani m'botolomo: madzi amaoneka pansi pa dizilo. Kanyali kochenjeza za madzi m'sefa kakayaka muli paulendo, imani ndi kuchita zomwezi, osadikira kuti mukafike.

Amene timagwiritsa ntchito dizilo wa m'dilamu tisinthe sefayi pa makilomita 10,000 alionse. Chotsani waya wa kunsi, masulani sefa, samutsirani kotsekera kaja pasefa yatsopano ndi labala watsopano, mangani ndi manja, ndipo dinani kapampu mpaka kalimbe. Kulimbako kukutanthauza kuti mpweya watuluka ndipo sefa yadzaza. Galimoto ikamafooka pachitunda koma pachigwa n'kumayenda bwino, yambani mwakayikira sefa imeneyi musanaganize za zazikulu. Sefa imodzi yapadera izikhala m'galimoto nthawi zonse.

Kutentha, mdani wamkulu

Injini ya 1HZ imapirira zambiri, koma kutentha kopitirira muyeso siikhululuka. Mutu wa injini, umene amakaniko amati silinda hedi, umang'aluka, ndipo kuukonza kumafuna kumasula theka la injini. Choipa china n'chakuti muvi wa geji ya kutentha umakhala pakati kwa nthawi yaitali ngakhale madzi akunka natentha. Ukayamba kukwera ndiye kuti injini yatentha kale kwambiri. Woyendetsa azolowere kuponya diso pageji imeneyi pachitunda chilichonse, makamaka m'mapiri a ku Great East Road mu Okutobala galimoto italemedwa.

M'mawa uliwonse wa ulendo, injini isanalire, tsegulani chotsekera cha rediyeta ndi kuona ngati madzi afika kukhosi. Musadalire kabotolo ka m'mbali kokha, chifukwa kamatha kukhala kodzaza rediyeta ili yochepa madzi. Finyani mapaipi a labala: amene afewa ngati nthochi yakupsa, atupa kapena ayamba ming'alu asinthidwe. Malamba awiri amene amazungulitsa fani ndi pampu ya madzi asinthidwe onse pamodzi, ndipo akalewo asungidwe m'galimoto kuti adzathandize pangozi.

M'rediyeta muzikhala mankhwala oziziritsira injini, coolant, osakaniza ndi madzi a mvula osefa kapena madzi a batire, ndipo asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. Madzi a pamjigo a m'madera ambiri ali ndi laimu. Onani m'kati mwa ketulo yakale ndipo mudziwa chimene madziwo amachita m'timipata ta rediyeta. Madzi okhaokha amadyetsanso injini dzimbiri. Ena amachotsa thermostat poganiza kuti injini izizizira bwino. Kutero n'kubisa matenda: injini imachedwa kufunda m'mawa, imadya mafuta ambiri, ndipo chimene chinkaitenthetsa chija chimakhala chikadalipo.

Pafamu pali vuto lina limene a m'tauni salidziwa. Kuyambira Epulo, udzu ukakhwima, njere zake ndi mankhusu zimamatirira kutsogolo kwa rediyeta, makamaka pampata wa pakati pa rediyeta ndi chipangizo cha air conditioner, pamene maso saona msanga. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbali ya injini kupita kutsogolo. Yesaninso fani. Pakati pake pali chipangizo chokhala ndi mafuta olimba, chimene chimaigwiritsa injini ikatentha. Injini ili yotentha, izimitseni, ndipo zungulitsani fani ndi dzanja. Ikalimbalimba ili bwino. Ikazungulira yokha mopepuka ngati gudumu la njinga, siikukoka mpweya, ndipo chipangizocho chikufuna mafuta atsopano kapena kusinthidwa.

Muvi ukakwera muli panjira, patukani n'kuima. Ngati malamba ali bwino ndipo madzi sakutayika, siyani injini ilire pang'onopang'ono kuti izizire. Ngati paipi yaphulika kapena lamba waduka, zimitsani msanga. Musatsegule rediyeta ili yotentha, chifukwa madzi owira amakwera kumaso, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha, pakuti kutero ndiko kumang'alula mutu uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ola limodzi lodikira pansi pa mtengo n'lotsika mtengo kuposa injini. Pambuyo pake yang'anirani zizindikiro izi: madzi kumachepa popanda podontha, thovu kumatuluka m'rediyeta injini ikulira, ndi utsi woyera wosatha ngakhale injini itafunda. Zikaoneka, galimoto ipite kwa makaniko isanayende ulendo wina.

Lamba wobisika

Kutsogolo kwa injini, kuseri kwa chivundikiro chapulasitiki, kuli lamba wa mano wotchedwa timing belt, amene amatsegula ndi kutseka mavavu panthawi yake. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo chiwonongeko chake n'chachikulu. Asinthidwe pa makilomita 100,000, ndipo pagalimoto yoyenda pang'ono asapitirire zaka zisanu. Kanyali kolembedwa T-BELT kamangowerenga makilomita, sikaona lambayo, ndipo munthu akhoza kukazimitsa osasintha kanthu. Choncho mukagula galimoto yakale yopanda umboni wolembedwa, sinthani lambayu pamodzi ndi kagudumu komukokera musanayende nayo ulendo wautali. Ntchitoyi si yaitali, koma kuphonya dzino limodzi kumasokoneza injini. Ulendo woyamba ichitidwe ndi wodziwa, inu mukupenyerera ndi kufunsa. Safunsa anadya phula.

Kunsi kwa galimoto

Walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndi madzi a m'madambo zimagwira ntchito yake kunsi kwa galimoto. Pamikombero iwiri yaitali imene imapititsa mphamvu kumatayala a kutsogolo ndi a kumbuyo, mapulopushafuti, pali timabele tolowetsera girisi. Pukutani kabele kalikonse, ndipo pamfundo zopingasa popani mpaka girisi watsopano atulukire m'mbali zonse zinayi. Pamalo pamene mkombero umatalika ndi kufupika popani katatu kapena kanayi basi, chifukwa mukadzaza kwambiri umalimba n'kumakankha bokosi la magiya. Chitani izi nthawi iliyonse yosintha oilo, ndiponso mukawoloka madzi akuya.

Difu ya kutsogolo, difu ya kumbuyo, bokosi la magiya ndi bokosi logawira mphamvu kumatayala onse anayi, chilichonse chili ndi oilo wakewake. M'madifu mumalowa oilo wa magiya wa GL-5, wa nambala 80W-90. Pali mabauti awiri, la pamwamba lothirira ndi la pansi lokhuthulira. Nthawi zonse yambani kumasula la pamwamba, kuopa kukhuthula oilo kenaka n'kupeza kuti pothirira pakana kutseguka. Oilo afike pakamwa pa bowo lothirira. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madziwo, ndipo oilo amasanduka wotuwa ngati phala. Wotere akhuthulidwe msanga. Pamwamba pa difu iliyonse pali kapaipi kopumira. Matope akakatseka, mpweya wotentha umasowa kotulukira n'kukankhira oilo kunja kudzera m'malabala otsekera. Kayeretseni kawirikawiri.

Tsopano gwadani kuseri kwa tayala la kutsogolo. Muona chibulunga chachitsulo chosalala, chimene tayala limakhoterapo. M'kati mwake muli mfundo yotchedwa CV joint, imene ena amati Birfield, ndipo imakhala m'girisi wakuda wa moly. Chibulungacho chiyenera kukhala chonyowa pang'ono ndi girisi. Chikauma n'kuchita dzimbiri, masulani kabauti ka mutu wa ngodya zinayi kamene kali pamwamba pake ndi kuwonjezera girisi, osadzaza kotheratu. Koma mukaona madzimadzi akuda onunkha oilo wa magiya akuyenderera mpaka patayala, ndiye kuti oil seal ya m'kati yatha, ndipo oilo wa difu akusungunula girisi. Mukazengereza, mfundoyo iyamba kulira kuti kha-kha-kha pokhota, ndipo ntchito imene ikanafuna malabala ndi girisi idzafuna mfundo yatsopano.

Kunsi kwa chibulunga chomwecho kuli manati anayi amene amagwira mkono wa chiwongolero. Pagalimoto za mtundu umenewu manatiwa amadziwika kuti amamasuka m'misewu ya mabampu, ndipo akaduka tayala limapita kwake. Ayeseni ndi sipanala mwezi uliwonse. Mukatero kwezani tayala, ligwireni pamwamba ndi pansi, n'kuligwedeza. Likamagogoda, mabering'i amasuka. Mukatha ulendo wautali khudzaninso pakati pa tayala lililonse: pamodzi pakatentha kuposa pena, pali bering'i youma kapena buleki yogwira. Kumasula ndi kumanga mabering'iwa kumafuna soketi ya mamilimita 54 ndi muyeso wake, choncho phunzirani kaye kwa amene anachitapo.

Ngati galimoto yanu ili ndi zokhomera pakati pa matayala a kutsogolo, zikhomeni kamodzi pamwezi ndi kuyenda makilomita angapo, ngakhale m'chilimwe, kuti oilo ndi girisi zizungulire. Koma musayende patala mutalowetsa giya ya matayala onse anayi, kapena mutakhoma difu ya pakati pagalimoto zimene zili nayo. Patala matayala satereka, ndipo mphamvu yopotokayo imathera m'magiya.

Katundu, matayala ndi mabuleki

Galimotoyi ndi yaikulu, koma si lole. Zambiri za mtundu umenewu zimaloledwa kulemera makilogalamu 2,960 zonse pamodzi, ndipo galimoto payokha yatenga kale oposa 2,000. Tiyerekeze kuti atsala makilogalamu 700. Anthu akuluakulu asanu akakwera, theka lapita, ndipo otsalawo ndi matumba 7 okha a makilogalamu 50. Kupitirira apo, masipuling'i amafooka, matayala amatentha, mabuleki amachedwa kugwira. Katundu wolemera aikidwe pansi m'kati, osati padenga, chifukwa galimoto yaitali yolemedwa pamwamba siichedwa kugubuduzika pakona.

Yezani mpweya wa matayala m'mawa ali ozizira, osaiwala lapadera. Pogula tayala logwirapo kale ntchito, werengani manambala anayi a m'mbali mwake. Akakhala 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lakale limauma n'kuchita ming'alu ngakhale mano ake akuoneka abwino. Amene muli ndi malimu a mkombero wochotseka, aja a matayala a 7.50R16 okhala ndi chubu, samalani kwambiri powapopa. Mkombero wosakhala bwino umafwamphuka ndi mphamvu yopha munthu. Ukuteni ndi unyolo, uyang'anitseni pansi, ndipo imani kumbali.

Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akakhala ndi madzi amawira mabuleki akatentha, phazi n'kungolowa pansi popanda kugwira. Asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. Potsika mapiri opita ku mlatho wa Luangwa, lowetsani giya yotsika kuti injini igwire galimoto, ndipo mabuleki angothandizira. Mafuta a mabuleki akamachepa m'kabotolo, musangowonjezera: mwina mapadi atha, mwina penapake pakudontha. Zimene a RTSA amayang'ana poyesa galimoto chaka ndi chaka, monga mabuleki, nyali, matayala ndi chiwongolero, ndi zomwezo zimene ife tiyenera kumayang'ana mwezi ndi mwezi.

Batire, makoswe ndi dzimbiri

Pochotsa batire yambani ndi waya wa chizindikiro chochotsera, ndipo pobwezera muumalizire womwewo. Zoyera zimene zimamera pamitu ya batire zimachoka ndi madzi ofunda osakaniza soda. Batire limangidwe zolimba, chifukwa mabampu amaliphwanya m'kati. Mu Juni ndi Julaye, injini ikamavuta kulira m'mawa n'kumatulutsa utsi woyera, kawirikawiri ndi ma glow plug, timene timatenthetsa masilinda. Tilipo 6, ndipo kamodzi kokha kakafa injini imadzuka motsimphina. Dikirani kanyali kake kazime musanalize injini.

Galimoto isagone pafupi ndi nkhokwe, ndipo chimanga chotayikira m'kati chisesedwe tsiku lomwelo, pakuti makoswe akabwerera chimanga amatsalira kudya mawaya. Feteleza wotayikira pansi pa kapeti amakoka chinyezi n'kuboola chitsulo. Yalani tenti musanakweze matumba. Dzinja likatha, tsukani matope onse a m'kati mwa chasisi, chifukwa matope osunga chinyezi ndiwo amayambitsa dzimbiri pamalo osaoneka.

Polekezera manja athu

Mlimi wanzeru amadziwa matenda a ng'ombe amene angachize yekha ndi amene afunika dokotala wa ziweto. Chimodzimodzi pagalimoto. Injector pump ndi ma injector asamasulidwe pansi pa mtengo wa mango, chifukwa zimafuna chipinda chopanda fumbi ndi makina oyezera. Musafufuze ndi chala podontha pamapaipi a ma injector injini ikulira, pakuti dizilo wa mmenemo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu. Mutu wa injini, m'kati mwa bokosi la magiya, mano a difu ndi muyeso wa mavavu ndi ntchito za makaniko wodziwa. Kuwotcherera zitsulo za chiwongolero n'kosayenera ngakhale kwa makaniko: chothyoka chisinthidwe.

Popita kwa makaniko, pitani ndi kabuku kanu ndipo fotokozani bwino: phokoso likuchokera kuti, limayamba galimoto ili yozizira kapena yotentha, pokhota kapena pokwera. Pemphani kuti zipangizo zakale zimene zachotsedwa akubwezereni. Pa sefa, timing belt, ma oil seal ndi mapadi a mabuleki, gulani zenizeni kapena za makampani odziwika. Zachinyengo zilipo, ndipo mtengo wotsika modabwitsa ndiwo chizindikiro chake choyamba.

Nyengo ziwiri za galimoto

Ntchito zonsezi zimapepuka tikaziika pakalendala ya ulimi. Nyengo yoyamba ndi Ogasiti ndi Seputembala, zokolola zitagulitsidwa ndipo ndalama zili m'manja. Pamene tikupatula za mbewu ndi feteleza, tipatulenso za galimoto, n'kuchita zazikulu: rediyeta, malamba, matayala, mabuleki ndi zibulunga za kutsogolo, kuti kutentha kwa Okutobala ndi matope a Disembala zipeze galimoto ili yokonzeka. Nyengo yachiwiri ndi Epulo ndi Meyi, mvula italeka. Apa timatsuka matope, timayang'ana madzi m'madifu, timapopa girisi paliponse ndi kuchotsa udzu parediyeta, tisanayambe kututa zokolola.

M'kabuku muja lembani tsiku, makilomita, ntchito imene yachitika, ndalama zimene zalowa, ndi malita a dizilo amene mwathira. Galimoto ikayamba kudya mafuta ambiri kuposa kale, kabukuko kadzakuuzani khutu lisanamve kanthu. Pagalimoto ya gulu, kabukuka kamathetsanso mikangano, chifukwa aliyense amaona kumene ndalama zapita.

Inu amene mukadali pamaphunziro, galimoto ikamalowa m'shedi kuti isinthidwe oilo, valani zovala zakale ndipo bwerani mudzagwire sipanala. Inu amene muli kale kumidzi kwanu, Loweruka likudzali tengani tochi ndi nsanza, yalani saka pansi, ndipo yambani ndi manati anayi aja a kunsi kwa chibulunga.